Mwana Wosamva pa Sitima ya Apongozi

Mawu amene ndinabisalamo kwa nthawi yaitali ndi akuti "wosamva". Kwathu kuno mwana akamapitiriza kuseweretsa madzi iwe ukumuitana, kapena akamathamangira kumsewu iwe ukukalipa, anthu amaseka n'kunena kuti, "Koma mwanayu ndi wosamva." Mwana wanga wamkazi aliyense ankamunena choncho: azakhali ake, anansi, ngakhale bambo ake omwe. Ine ndinkaseka nawo. Ndinkawonjezeranso pamwamba, "Watengera kuchimuna ameneyu, makani okhaokha." Koma ndikatsala ndekha ndi iye, mawu omwewo ankandiopseza. Ndinkaopa kuti mwana wanga samva, kusamva kwenikweni kwa makutu.

Kwathu ndi ku Bvumbwe. Ndinabwera kuno ku esiteti chifukwa cha banja. Amuna anga amagwira ntchito mufakitale ya tiyi, ku makina oumitsira masamba, ndipo tinapatsidwa nyumba kumalayini a antchito. Ine ndili ndi satifiketi ya kaphunzitsidwe ka ana a mmera mpoyamba, ndiye ndimagwira pa sukulu ya mkaka pamene amayi otchola tiyi amasiya ana awo m'mawa. Ndanena izi kuti mumvetse kuti sindinali mbuli pa nkhaniyi. Tsiku ndi tsiku ndinkaona ana a msinkhu wake akutchula "mama", "madzi", "ayi", ena mpaka kutukwana kumene. Wanga anali atadutsa zaka ziwiri, akuthamanga bwino, akudya bwino, maso akuthwa ngati a kabawi, koma pakamwa pankangotuluka "aaa" ndi "buu".

Ndinkamuyesa mobisa. Bambo ake akapita kushifiti ndinkaima kumbuyo kwake n'kuomba m'manja. Ndinkagwetsa dala chivundikiro cha poto pasimenti. Nthawi zina ankacheuka, ine n'kusangalala tsiku lonse, osafuna kuganiza kuti mwina waona chithunzithunzi changa pakhoma, kapena simenti yamugwedeza kumapazi. Nthawi zambiri sankacheuka. Pamenepo ndinkadziuza kuti watanganidwa ndi chidole. Sindinauze munthu, ngakhale amayi anga ondibereka. Ndinkaona ngati ndikangochitchula pakamwa ndiye kuti ndachiitana. Ndinkaopanso mafunso a anthu: kwanu alipo wotere? Uli woyembekezera unkadya chiyani? Unayambana ndi yani? Amuna anga ndikawafunsa mozungulira ankangoti, "Kwathu tonse timachedwa kulankhula, koma tikayamba sitisiya."

Chimene ndinkachiopa kuposa chipatala chinali sitima ya apongozi anga.

Pa esiteti yathu pali kasitima ka moto, kakalekale, kamene m'nthawi ya azungu kankanyamula nkhuni za bulugamu kupita nazo kufakitale. Mathirakitala atabwera kanasiyidwa m'shedi, njuchi n'kumangamo, ana n'kumabisalamo posewera. Amene anakadzutsa ndi apongozi anga aamuna, bambo awo a amuna anga. Iwo anayamba ntchito ya njanji ali mnyamata, akusonkha moto m'masitima akuluakulu amene ankatsika kuchokera ku Limbe kudzera ku Khonjeni mpaka kuchigwa. Kenaka anakhala dalaivala. Masitima a moto atatha anayendetsa a dizilo mpaka kupuma, koma mtima wawo unatsalira ku a moto. Atapuma anapita kwa manijala wa nthawiyo, chipewa m'manja, kukapempha kuti awalole kukonza chitsulo chija. Amuna anga akuti anali akadali ku pulayimale pamene bambo awo anayamba kubwera kunyumba atada bii, zala zotupa ndi njuchi, amayi awo akudandaula za sopo.

Kuyambira pamenepo sitimayo imayenda Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, kupatula mvula ikaononga njanji. Njira yake si yaitali ayi. Imachoka pa shedi, kudutsa pakati pa minda ya tiyi, kuwoloka kamlatho, kukafika ku damu, n'kubwerera chafutambuyo. Imakoka timabogi tiwiri topanda denga. Amakwera ndi ana a sukulu, antchito ndi mabanja awo, nthawi zina alendo a m'tauni ndi makamera awo. Apongozi salandirapo kanthu. Esiteti imapereka nkhuni ndi oyilo, basi. Apongozi aakazi amaitchula sitimayo kuti "mkazi mnzanga", ndipo amakonda kunena kuti, "Ine akanamandisisita mmene amasisitira chitsulo chija, bwenzi ndikuwala mpaka ku Luchenza." Eni akewo amaitchula "mayi aakulu".

Ndisanakhale ndi mwana ndinkakonda kukaonerera chapatali. Lachisanu lake apongozi amabwera pa njinga kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Khonjeni, ngakhale maondo akuvuta, n'kuyenda wapansi njanji yonse, akuchotsa miyala, akugogoda zitsulo ndi kahamala, akukalipira mbuzi za anthu. Loweruka amayatsa moto kusanache bwino, pang'onopang'ono, timitengo kaye, kenaka zikuni. Amati nkhalamba sumaidzutsa poikoka mwendo. Wowasonkhera moto ndi mnzawo wa kalekale, mdala wina wamfupi, wanthabwala, amene ankagwira ku boyila ya fakitale. Awiriwo amanyozana m'Chilomwe ndi m'Chichewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma sindinamvepo kuti ayambana.

Khutu lamanzere la apongozi linafa kalekale ndi phokoso la masitima. Ndiye ali ndi kandodo ka mlombwa, kosalala chifukwa chogwiridwa, kamene sasiyana nako. Nsonga imodzi amaigunditsa pa injini, inayo pa fupa la kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Amatero apa, amatero apo, ngati namwino pa mwana wa chifuwa. Akatsegula maso amanena kuti, "Ali bwino," kapena amangotenga kachitini ka oyilo osalankhula. Ndinkatha kuima nthawi yaitali ndikuwayang'ana. Ine munthu wa nkhawa, amene ndimabwerera kawiri kukaona ngati ndatseka chitseko, zinkandipatsa mtendere kuona munthu amene amafunsa chinthu mmene chadzukira, n'kudikira yankho lake osachita mantha.

Ndiye pali mwambo umene anauyambitsa okha. Mdzukulu aliyense akayamba kuyenda molimba, amamunyamula pamaso pa anthu onse sitima isananyamuke, n'kumugwiritsa chingwe cha hutala. Inu amene simunaimve, hutala ya sitima ya moto musaiyerekeze ndi ya galimoto. Imalowa m'mano. Mwana amakoka, chinthu chija n'kukuwa, mwana n'kudzidzimuka, kutseka makutu, kulira, anthu n'kufa nako kuseka, mafoni ali m'mwamba. Zidzukulu zonse zinadutsa pamenepo, ndipo pabanja amakumbutsana mpaka lero amene anakodzera ovolosi ya agogo.

Ine ndinkauona mwambo umenewo m'maganizo: mwana wanga akukoka chingwe, anthu onse agwira makutu, iye yekha ali phee akumwetulira. Ndiye mwezi uliwonse ndinkapeza chifukwa. Ali ndi chimfine. Utsi umamutsokomoletsa. Kusukulu kuli msonkhano wa makolo. Kwathu kuli chinkhoswe. Alamu anga aakazi, achemwali awo a amuna anga, anafika ponena kuti, "Mchimwene wanga anakwatira dona, mwana wake saloledwa kuda."

Apongozi sanandifunsepo. Sakanatha n'komwe. Ine ndi iwo timaopana monga mwa mwambo: ndikamawapatsa madzi ndimagwada chapatali, iwo amayang'ana kumbali; tikakumana panjira wina amapatuka n'kulowa m'tiyi. Mawu awo ankandipeza kudzera mwa amuna anga kapena apongozi aakazi. Koma mwanayo ankamukonda poyera. Ankamutchula "mkazi wanga wamng'ono", ankamubweretsera nthochi za sukali m'thumba la jekete, ndipo ndinkaona kuti akafuna kulankhula naye amayamba agwada kaye, nkhope ndi nkhope. Ndinkaganiza kuti ndi chikondi chabe cha agogo.

Lachisanu lina lakumapeto kwa mwezi, m'nyengo ya chiperoni, amuna anga anabwera ndi uthenga. Amayi awo apita ku maliro ku Makwasa, ndiye mawa palibe wowapititsira bambo tiyi ku shedi. Akuti ndiwapititsire ine, m'mawa, anthu asanabwere. Akutinso nditenge mwana, mkazi wamng'ono akalonjere mkazi mnzake.

"Inu simungapite?" ndinafunsa.

"Ndili ndi shifiti ya m'mawa, ndiweruka masana. Bwanji, mukuopa kuti akulumani?"

"Kukuzizira. Mwanayu chifuwa chake mukuchidziwa."

"Mumuveke juzi. Bambo sanakupemphenipo kanthu chibwerereni kuno."

Zinali zoona.

Ndinafika ku shedi dzuwa lisanaboole nkhungu. Tiyi yense m'mbali mwa njira anali atanyowa, utsi wa sitima ukungokwawa pansi, kukana kukwera. Mwana anali kumsana, fulasiki ndi mbatata zophika zili m'manja. Ndinagwada pafupi ndi mulu wa nkhuni, maso pansi.

"Tabwera ndi tiyi, bambo."

Anayankha ndi mdala wosonkha moto uja, moni wake wa Chilomwe. "Mosheliwa, mayi? Ikani pompo. Mdalayu asamwe kaye, akamwa amayamba ulesi."

"Waulesi ndi iwe," anatero apongozi ali chakumbali, akupukuta ndi sanza geji, kawotchi kosonyeza mphamvu ya nthunzi. "Moto wakowu sungaphike ngakhale dzira."

"Dzira lake agule ndani? Zaka zonsezi sunandigulireko ngakhale chitumbuwa."

Ndinamasula mwana. Anathamangira kwa agogo ake, iwo n'kumunyamula n'kukwera naye mokhala dalaivala. Ine ndinaimirira. Kenaka ndinamva apongozi akulankhula ndi sitima, dzanja lili pachitsulo, koma mokweza kuti mawu afike pamene ndinali.

"Mayi aakulu, mwanayu sangakhale muno popanda womugwira. Ine manja ali pa ntchito. Kaya pali munthu pafupi amene angakwere."

"Kwerani, mayi," anatero mdala uja. "Pa njanji palibe chipongozi. Ndi lamulo la boma limenelo, ndinaliwerenga ndekha."

"Iwe umawerenga?" anafunsa apongozi.

"Ndinaliwerenga kutulo."

Ndinakwera. Amene sanalowemo sangadziwe kuchepa kwake. Malo ake ndi ngati bafa ya kumalayini: kutsogolo khomo la moto, kumbuyo nkhuni, anthu pakati. Chikwatiwire ndinali ndisanaimepo pafupi choncho ndi apongozi. Ndinkamva fungo la ovolosi yawo, oyilo ndi utsi ndi sopo wochapira. Iwo anatembenukira ku geji, ine ndinatembenukira kunkhuni, misana yathu ikutsala pang'ono kugundana. Mdala uja anati akukaona madzi mu thanki, ndipo sanabwere msanga. Mwana ndinamunyamula pambali. Maso ake anali pa moto, umene unkaonekera pa mng'alu wa kachitseko.

"Mayi aakulu," anayambanso apongozi, "mukudziwa kuti tisananyamule ana a eni timayamba tayesa hutala. Sindinalumphepo, ndipo lero sindilumpha. Koma ngati muno muli munthu amene sanakonzeke, atha kutsika kaye ndi mwana, akaime kuseri kwa shedi. Palibe amene amuone. Inenso sindiona."

Pamenepo ndinazindikira kuti akudziwa. Maliro a ku Makwasa analipodi, koma tiyi akanatha kumwa wa mdala uja. Potsikira panali pomwepo. Ndikanatsika, n'kubwerera kunyumba, mwezi wamawa n'kupezanso chimfine china. Ndinayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana wanga, timakutu take tikusuzumira pansi pa chipewa choluka, ndipo ndinamva kuti ndatopa nako kunama.

"Lizani, bambo," ndinatero. Aka kanali koyamba kuwauza chochita.

Anakoka chingwe. Ndinkaiyembekezera koma ndinadzidzimukabe mpaka kudziluma lilime. Akhwangwala anabalalika m'mitengo ya bulugamu, galu wa alonda anathawa akulira, phokoso linakagunda phiri n'kubwerera. Mwana wanga sanaphethire n'komwe. Ankaloza moto ndi kachala, akundikoka chibwano kuti nanenso ndiuone.

Sindinalire mokweza. Misozi inkangotsika, ine ndikuyang'ana nkhuni. Apongozi anawerama. Anatsegula kachitseko, anaponyamo chikuni, anatseka. Kenaka anasolola kandodo kawo ka mlombwa n'kugwada, maondo akulira. Ndinamutsitsa mwana osauzidwa.

"Tabwera kuno, mkazi wanga."

M'mbali mwa boyila muli kapampu kamene kankagunda pang'onopang'ono. Anagunditsa nsonga imodzi pamenepo, inayo anaikhudzitsa mofatsa kuseri kwa khutu la mwana. Poyamba mwana anafuna kuikankha. Kenaka anaima nji. Maso anakula. Anayang'ana agogo ake, anayang'ana kandodo, anayang'ana ine. Anachotsa mutu, n'kuubwezeranso yekha. Anachotsa, anabwezera. Ndiye anaseka, kuseka kochokera m'mimba, n'kuyamba kugwedeza mutu motsatira pampu ija, du, du, du.

"Akumva," anatero apongozi.

"Samva, bambo. Mwaona nokha."

"Ndaona. Hutala sanaimve. Koma uyu akumva. Motowu akuumva kutentha, utsi akuumva fungo, mayi aakuluwa akuwamva m'fupa. Inunso mmene mukunjenjemereramu akukumvani. Khomo limodzi ndi limene latsekeka. Kaya latsekeka lonse, kaya patsala kampata, zimenezo wodziwa sindine. Odziwa ali kuchipatala."

Anali atasiya kulankhula ndi sitima. Ankalankhula ndi ine tsopano, ngakhale maso anali pa geji.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Munayamba kudziwa ndinu, ndinu make. Ine ndinangoona kuti amayang'ana anthu pakamwa. Ndi mmene ndimachitira inenso." Anaimirira, akugwira chitsulo, n'kupukuta manja. "Khutu langali litafa, ndinakhala nthawi yaitali ndikutembenuzira anthu linalo kuti asadziwe. Ndinkati akadziwa andichotsa pa sitima. Ndinaonda, mpaka apongozi anu aakazi kuyamba kuganiza kuti ndili ndi mkazi ku Limbe. Tsiku limene ndinakanena kwa akuluakulu, anandichotsadi pa maulendo ataliatali, anandiika kokankha mabogi pa siteshoni. Zinandiwawa, sindiname. Koma tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta."

Mdala uja anabwera akutsokomola dala ali patali. "Kodi tiyi uja ndi wachionetsero?"

Ndinatsika n'kuwathirira. Ndinabwerera pa mulu wa nkhuni, iwo anakhala pa chitsa kundipatsa msana, zonse zinabwerera m'malo mwake. Mwana anatsala ndi kandodo, akugunditsa pa chilichonse: pa ndowa, pa mtengo, pa bondo langa. Atamwa, apongozi anatembenukira kwa mnzawo.

"Uwauze mayiwa kuti anthu ayamba kufika posachedwa. Njira ya kuseri kwa fakitale ilibe anthu, ngati akufuna kupita. Mwambo wa chingwe uja ndinauyambitsa ndine, ndingathe kuuthetsanso ndine."

"Mayi, mwamvatu," anatero mdala uja.

"Ndamva. Muwauze kuti tikhala."

Nkhungu inachoka chakumasana. Kunabwera ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, amayi ena amene ana awo ndimawaphunzitsa, ndi alamu anga aakazi aja, amene saphonya. Amuna anga anafika ali mu ovolosi ya kuntchito, fumbi la tiyi lili m'tsitsi. Atationa tili pomwepo anadabwa.

"Eee, adona atulukira lero," anatero alamu. "Tione ngati wosamva ujayu salira."

Apongozi anali atavala chipewa chawo cha udalaivala ndi jekete ya mabatani achitsulo, imene amaisunga m'pepala mwezi wonse. Anamunyamula mwana, n'kumugwiritsa chingwe. Sanachite kumuonetsa. Mwanayo anakoka ndi manja awiri, hutala inakuwa, ana a sukulu anatseka makutu, khanda lina linayamba kulira. Wanga anamva chingwe chikunjenjemera m'manja mwake, anaona nthunzi yoyera ikuphulika pamwamba, ndiye anakokanso. Anakokanso kachitatu, akuseka, mutu uli chagada.

"Koma mwana ameneyu," alamu anakuwa pakati pa phokoso, "alibe mantha n'pang'ono pomwe! Wosamva zedi!"

Anthu anaseka. Mpata unalipo woti nanenso ndiseke, nditchule za makani a kuchimuna, tsiku n'kudutsa. Palibe amene anali atazindikira. Apongozi anatsitsa kadzanja ka mwana pa chingwe, osandiyang'ana, koma ndinaona kuti atembenuzira khutu lawo lakumanja kumene ndinali.

"Samvadi, alamu," ndinatero. Mawu anatuluka okweza kuposa mmene ndinkafunira, chifukwa m'makutu munali mukulirabe. "Makutu ake samva. Lolemba tikupita naye kuchipatala."

Alamu anagwira pakamwa. Amayi ena anayang'ana pansi, ena anayamba kunong'onezana. Ndinkaona mafunso aja akubwera. Koma apongozi anatulutsa wotchi m'thumba, anaiyang'ana, n'kunena ndi mawu awo a pantchito, "Nthawi yakwana. Okwera akwere. Makolo a mwanayu bogi yoyamba. Sitima sidikira nkhani."

Anthu anathamangira malo. Tinakhala pa benchi yakutsogolo, mwana pakati. Sitima inakoka mpweya, inagwedezeka, n'kuyamba kuyenda. Tinadutsa pakati pa tiyi, otchola amene anali asanaweruke akuimika manja, madengu ali kumsana. Mwana anaika zikhatho zake pa thabwa la benchi, kenaka anaikapo tsaya. Titafika pa kamlatho amuna anga anayamba kulankhula.

"Ine ndimamulizira makiyi kumbuyo," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Inu mukapita kumjigo."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Ndimati ndikakuuzani mudzadwala nazo. Mmene mulili inu ndi maganizo."

"Ndiye za kuchedwa kulankhula kwanu zija?"

"Mwawamva achemwali. Akuoneka ngati munthu amene anachedwa kulankhula?"

Ndinafuna kuwamenya, ndinafunanso kuseka, ndipo ndinachita zonse ziwiri, phulusa la sitima likutigwera m'maso. M'nyumba imodzi, anthu awiri, wina ndi chivundikiro cha poto, wina ndi makiyi, aliyense akudikira kuti mnzake atuluke.

Lolemba tinapita. Kuchipatala anatitumiza ku Blantyre, ndipo tinayenda maulendo angapo tisanamve yankho. M'khutu lamanzere mulibe kanthu. Lakumanja, kampata kaja kalipo, kakang'ono. Pano amavala kachipangizo kuseri kwa khutu, ndipo watchula kale mawu angapo. "Madzi" amati "ai", koma ife timamva. Tikuphunziranso chinenero cha manja. Amene akutiposa tonse ndi alamu aja. Anabwera sabata yomweyo ndi mphika wa kalongonda, anakhala pakhonde osadziwa poyambira, mapeto ake anati, "Ine pakamwa panga mukupadziwa." Tsopano apeza njira yolankhulira ngakhale m'tchalitchi.

Mafunso amene ndinkawaopa anabweradi. Ena anafunsa za kwathu, ena anandilozera kwa asing'anga, mayi wina anasiya kundipatsa moni ngati kuti n'zopatsirana. Zinandiwawa, ndipo nkhawa sizinathe. Ndimadzifunsabe za sukulu imene adzapite, za anzake, za galimoto zimene sadzazimva kumbuyo. Koma masiku ano ndimadya n'kukhuta.

Apongozi akukalamba. Ulendo wa Lachisanu wa m'njanji umawatengera tsiku lonse tsopano, ndipo amapumira pa kamlatho. Njinga anaisiya, amabwera pa kabaza. Apongozi aakazi amawauza kuti asiye, iwo amayankha kuti mkazi wamkulu samusiya chifukwa choti mano atha. Ine ndi iwo timaopanabe monga kale. Za m'mawa uja sitinazikambenso, ndipo sindinakwerenso mokhala dalaivala. Koma tiyi wa Loweruka ndimapititsa ndine, maliro alipo kapena palibe.

Apongozi anamusemera mwana kandodo kakekake, kafupi, ka mlombwa womwewo. Mwezi wathawu ndinali nditagwada pa mulu wa nkhuni ndikuthira tiyi, apongozi atakhala pa chitsa akupuma movutikira atatha kunyamula zikuni. Mwana anawayang'ana. Anapita, anagunditsa nsonga imodzi pachifuwa pawo, pakati pa mabatani a ovolosi, inayo kuseri kwa khutu lake, n'kutsinzina mmene amachitira iwo. Apongozi sanagwedezeke. Anamudikira. Mwana atatsegula maso anatukula chala chachikulu m'mwamba.

"Wanama ameneyo," anatero mdala wosonkha moto uja. "Injini imeneyo inatha kalekale. Mwana iwe, tenga kachitini ka oyilo."

Apongozi anamwa tiyi wawo, maso ali pa njanji.

"Uwauze amake," anatero, "kuti adokotala aang'onowa anena kuti mwezi wamawa ndiyendetsanso."